COMESA, Bungwe Lobadwira ku Lilongwe, ndi Nkhani ya Umboni

Anthu a ku Mtsiliza amaliona tsiku ndi tsiku bwalo la masewero la Bingu, poti linamangidwa pafupi ndi makomo awo. Mwini dzinalo amamukumbukira pa zambiri: makuponi a feteleza, misewu, ndi mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta mu 2011. Ndi ochepa amene amakumbuka kuti asanakhale mtsogoleri wa dziko lino, Bingu wa Mutharika anali mlembi wamkulu woyamba wa COMESA, bungwe la msika umodzi wa maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa. Komatu bungwe limeneli lili m'maokala onse a m'makwalala a Mtsiliza. Sopo wochapira wa Boom, mabisiketi ndi maswiti a ku Zambia zimene mayi wa geni amakaoda m'tauni n'kudzagulitsa chimodzichimodzi zimadutsa pa Mchinji popanda msonkho wa pachipata, malinga zikhale ndi chikalata chotsimikiza kuti zinapangidwa m'dziko la m'bungweli. Mtengo umene mwana wotumidwa kuokala amalipira unayamba kukonzedwa pa misonkhano ya zaka makumi angapo zapitazo.

Chiyambi chake chili ku Lusaka. Mu 1965 nthambi ya United Nations yoona za chuma cha mu Africa, ECA, inasonkhanitsa nduna za maiko a chigawo chino mumzindawo kuti zikambirane zogulitsana katundu okhaokha. Atsamunda anali atasiya njanji ndi misewu zonse zitaloza kunyanja. Fodya, tiyi ndi mtedza wathu zinkatsikira ku Beira kukakwera sitima ya ku Ulaya, pamene malonda a pakati pa maiko oyandikana anali ochepa zedi. Zokambiranazo zinayenda pang'onopang'ono. Mu 1978 nduna zinasainirananso ku Lusaka komweko chikalata chosonyeza kuti zatsimikiza mtima, ndipo pa 21 Disembala 1981 panabadwa PTA, mgwirizano wotsitsirana msonkho pa katundu wosankhidwa. Malawi, pansi pa Kamuzu Banda, anali m'gulu la maiko oyamba kusaina.

PTA inasiya zinthu zimene zilipo mpaka lero. Mu 1984 inatsegula ofesi ku Harare yothandiza amalonda kulipirana osadalira madola nthawi zonse, nkhani imene wamalonda aliyense wa ku Lilongwe amene wavutikapo kusaka ndalama zakunja angaimvetse bwino. Mu 1985 kunabwera banki ya PTA, imene lero ikutchedwa TDB. Madalaivala a mathiraki amaidziwa Yellow Card, inshuwalansi imodzi yowolokera nayo malire angapo. Bingu anatenga udindo wa mlembi wamkulu mu 1991, ndipo ndi m'nthawi yake pamene maiko anagwirizana zoti PTA ikule n'kukhala msika umodzi. Pangano latsopano linasainidwa ku Kampala pa 5 Novembala 1993, koma linayamba kugwira ntchito pa msonkhano wa atsogoleri ku Lilongwe pa 8 Disembala 1994. Wolandira alendo anali Bakili Muluzi, amene anali asanathe n'chaka chomwe pampando. Likulu linatsala ku Lusaka. Bingu anachoka mu 1997, pambuyo pake kunabwera Erastus Mwencha wa ku Kenya, Sindiso Ngwenya wa ku Zimbabwe, kenako Chileshe Kapwepwe wa ku Zambia, mayi woyamba pa udindowu, kuyambira mu 2018.

Si onse amene anapirira. Mozambique ndi Lesotho anatuluka mu 1997. Tanzania inatuluka mu 2000, poopa kuti kuchotseratu msonkho kugwetsa mafakitale ake ndi kuchepetsa ndalama zolowa m'thumba la boma. Motero mwa maiko atatu otizungulira, awiri ali kunja, ndipo timakumana nawo ku SADC. Malawi sanabwerere m'mbuyo. Pa 31 Okutobala 2000 anali mmodzi mwa maiko asanu ndi anayi amene anafafaniziratu msonkho wa pachipata pakati pawo, pamodzi ndi Zambia, Zimbabwe, Kenya, Egypt, Mauritius, Madagascar, Sudan ndi Djibouti. Lero bungweli lili ndi maiko 21.

Walira mvula walira matope, ndipo olemba panganoli ankadziwa zimenezi. Chipata chikatseguka, katundu amene amalowa si onse amene watchipa chifukwa cha luso la wopanga. Wina amatchipa chifukwa boma la kwawo laikapo dzanja: lapatsa fakitale magetsi a mtengo wapadera, laikhululukira ngongole, kapena likuilipira ndalama pa thumba lililonse lotumizidwa kunja. Imeneyo ndiyo sabuside imene pangano la COMESA likukamba pa ndime 52. Ndimeyi imati thandizo la boma lokondera makampani ena kapena katundu wina, ngati likupotoza mpikisano pakati pa maiko a m'bungweli, silikugwirizana ndi msika umodzi. Imalolanso dziko lolandira katunduyo kuikapo msonkho wapadera wothana ndi sabuside, koma usapitirire kukula kwa thandizo limene wopangayo analandira. Ndime 51 imakamba za kampani yogulitsa kunja pa mtengo wotsika kuposa umene imagulitsira kwawo. Ndime 61 ndi ya dziko limene chuma chake chagwedezeka kwambiri chifukwa cha kutseguka kwa chipata, ndipo likufuna mpata wopumira kwa kanthawi.

Pamene pagona nkhani ndi pa ndime 53. Msonkho wapaderawo suikidwa chifukwa choti eni mafakitale alira pa wailesi. Dziko liyenera kutsimikiza kaye kuti sabusideyo ikupweteka kwambiri makampani ake, kapena yatsala pang'ono kutero, kapena ikulepheretsa kuti ntchito yopanga katundu woteroyo iyambe n'komwe. Malamulo a WTO, bungwe la zamalonda la pa dziko lonse limene Malawi analowa pa 31 Meyi 1995, amafotokoza njira yake mwatsatanetsatane. Dandaulo liyenera kuchokera kwa opanga katundu amene onse pamodzi amapanga gawo losachepera 25 pa 100 la katundu wa mtunduwo m'dzikomo. Ofufuza amatumiza mafunso kwa makampani akunja ndi boma lawo, amamva mbali ya oitanitsa katundu, amatsegula mabuku a makampani odandaula n'kuona kuchuluka kwa zimene akupanga, zimene akugulitsa, phindu, antchito, malipiro ndi makina amene angokhala osagwira ntchito. Kafukufukuyo athe m'chaka chimodzi, akachedwetsa miyezi 18. Msonkho ukaikidwa umatha pakapita zaka zisanu, pokhapokha ataunikanso n'kupeza kuti vuto likadalipo.

Aliyense amene anakhalapo pa bwalo la amfumu pa mlandu wa mbuzi zodya m'munda aizindikira njira imeneyi. Sikokwanira kunena kuti mnzako ali ndi mbuzi, kapena kuti chimanga chako chaonongeka. Uyenera kusonyeza kuti mbuzi zakezo ndi zimene zinadya, osati ng'ombe za wina kapena mbozi. Pa zamalonda, mbali yachitatuyi ndi imene imagwetsa milandu yambiri, chifukwa lamulo limaletsa kukankhira kwa katundu wakunja mavuto amene abwera ndi zinthu zina. Tsono taganizani za fakitale ya ku Kanengo imene ikufuna kudandaula za zaka zaposachedwapa. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, magetsi n'kumathima maola ambiri pa tsiku. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Chiwongoladzanja cha ku banki ndi chokwera, madola ogulira zipangizo ndi osowa. Loya wa kampani yakunja adzafunsa kuti pa kugwa kwa malonda anu, gawo la katundu wathu ndi liti, nanga la magetsi ndi liti. Funso limeneli ndi lachilungamo, ndipo limayankhidwa ndi manambala olembedwa mwezi ndi mwezi.

Mbiri ya David Whitehead and Sons imaonetsa kuvuta kwake. Fakitale ya nsalu imeneyi inatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, ndipo pachimake pake inkalemba ntchito anthu masauzande n'kumagula thonje la alimi a m'chigwa cha Shire, ku Balaka ndi ku Salima. Misika itatseguka m'zaka za m'ma 1990 inafooka mpaka boma linaigulitsa kwa kampani ya Mapeto mu 2003. Ukafunsa anthu chimene chinaipha, ambiri amati kaunjika. N'zoona kuti mabelo anasefukira, ndipo mpaka lero banja la ku Mtsiliza limavala kuchokera pa msika wa Tsoka kapena kwa mayi woyala zovala m'mbali mwa msewu. Koma kaunjika satchipa chifukwa cha sabuside ya boma lililonse, amatchipa chifukwa mwini wake woyamba anathana naye. Panalinso nsalu zotchipa za ku Asia, zitenje zolowa mozemba, makina okalamba ndi ngongole. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi mankhwala ake, ndipo msonkho wothana ndi sabuside ukanakhudza kagawo kochepa chabe. Ndimaona kuti tinataya fakitale ija tisanakhale pansi n'kuyeza bwinobwino chimene chinkaidya, ndipo chizolowezi chimenecho sitinachisiye.

Pali sabuside ina imene inapweteka alimi athu a thonje koma msonkho wa pachipata sukanaikhudza, chifukwa inkagwetsa mtengo pa msika wa dziko lonse. Ndi ndalama zimene boma la United States linkapereka kwa alimi ake a thonje. Benin, Burkina Faso, Chad ndi Mali anadandaula poyera pa msonkhano wa WTO ku Cancún mu 2003, koma amene anakasuma mlandu ndi Brazil, mu 2002. Anapambana mu 2004, napambananso pa apilo, koma nkhaniyo inadzatha mu 2014 pamene United States inavomera kulipira madola 300 miliyoni. Brazil anali ndi maloya ndi akatswiri a zachuma okhoza kutsata mlandu zaka khumi ndi ziwiri. Umboni ndi wodula, ndipo maiko olemera ndi amene amaukwanitsa msanga.

M'kati mwa COMESA momwemo muli nkhani ziwiri zoyenera kuzidziwa. Yoyamba ndi ya Mauritius. Patangotha chaka chipata chitatseguka, mu 2001, dzikolo linabwezeretsa msonkho wa 40 peresenti pa katundu wina wochokera ku Egypt, kuphatikizapo penti, ponena kuti makampani ake akuvutika. Kampani ya Polytol, imene inkaitanitsa pentiyo, inayenda m'makhoti a kwawo osaphula kanthu, kenako inakasuma ku khoti la COMESA. Mu 2013 khotilo linagamula kuti Mauritius inaphwanya pangano, ndipo inalamulidwa kubweza msonkho. Chigamulochi chinatsimikiza kuti ngakhale kampani wamba ikhoza kutengera boma ku khoti la bungweli, ndi kuti dziko silingangodzuka n'kubwezeretsa msonkho chifukwa choti lapanikizika. Yachiwiri ndi ya shuga wa ku Kenya. Kenya inatsata njira ya ndime 61: mu 2002 inapempha chilolezo chochepetsa shuga wolowa wopanda msonkho kuchokera m'maiko a COMESA, kuti mafakitale ake akonzeke. Chilolezo cha kanthawi chija chinakhala chikuonjezeredwa kwa zaka zoposa makumi awiri. Amene ankatsekeredwa kunja ndi opanga shuga wotchipa, ndipo Malawi, ndi minda yake ya ku Nchalo ndi Dwangwa, ndi mmodzi wa iwo. Apa bungweli linafewa mopitirira, chifukwa mpata wopumira ukasanduka malo okhala, wogula wa ku Kenya ndi mlimi wa mzimbe wa ku Malawi onse amaluza. Komabe Kenya inkabwera pa msonkhano ndi malipoti, ndipo inkafunsidwa mafunso.

Nanga ife? Pamene WTO inaunika malamulo a zamalonda a Malawi mu 2016, inapeza kuti dziko lino linalibe ofesi yofufuza milandu yotereyi, ndipo linalibe malamulo ndi dongosolo loikira msonkho wothana ndi sabuside. Apa n'kuti patatha zaka zoposa makumi awiri chisainireni pangano lotipatsa ufulu umenewu. South Africa inali ndi lamulo la mtunduwu kuyambira mu 1914, ndipo bungwe lake la ITAC, lokhazikitsidwa mu 2003, ndi limene limafufuza za nkhuku zotchipa zochokera ku America ndi ku Ulaya. Egypt inakhazikitsa lamulo lake mu 1998, Kenya mu 2017. Ife chida chimene tachizolowera ndi chilolezo choitanitsira katundu ndi chiletso, pansi pa lamulo la Control of Goods.

Chiletso n'chosavuta kulemba. Mu Malichi 2025 nduna ya zamalonda ya nthawi imeneyo, a Vitumbiko Mumba, analetsa kulowetsa katundu wosiyanasiyana, monga ufa wa chimanga, mpunga, mkaka wamadzi, mazira, zipatso zina, anyezi, machesi ndi mipando ya matabwa. Cholinga chinali chomveka: kuteteza opanga katundu a kuno ndi kusunga madola. Kalipentala wa ku Mtsiliza amene amakhoma mabedi ndi masofa pansi pa mtengo, n'kumaona mipando yakunja itadzaza m'masitolo a m'tauni, anali ndi chifukwa chosangalalira. Koma kumapeto kwa Epulo nduna ya zaulimi ya ku Tanzania, Hussein Bashe, inabwezera potseka chipata kwa zokolola za ku Malawi, n'kuopsezanso za feteleza wathu wodzera pa doko la Dar es Salaam. Pa Songwe malonda anaima, amayi a geni a ku Karonga anagwira njakata, ndipo nduna za maiko awiriwa zinachita kukumana ku Dodoma kumayambiriro kwa Meyi kuti zinthu zibwerere m'chimake. Tanzania si membala wa COMESA, koma pangano la zamalonda la SADC nalonso limafuna umboni chimodzimodzi. Pa katundu yense uja panalibe kafukufuku wa poyera wosonyeza kuti uyu ali ndi sabuside, uyu wagwetsa mitengo mwakuti, antchito akuti achotsedwa. Popanda zimenezo, mnansi amaona chiletso ngati mtopola, ndipo amabweza.

Pali chifukwa china chimene ndimakondera njira ya umboni, ndipo chimakhudza wogula. M'makwalala a Mtsiliza, Mtandire, Mgona ndi Chinsapo anthu ambiri sagula botolo lathunthu la mafuta ophikira kapena paketi ya shuga. Amagula mafuta oyeza m'timapepala ndi ufa wa wokumani wokwanira nsima ya tsiku limenelo. Msonkho uliwonse wotetezera fakitale umathera pa iwowa. Ngati opanga katundu m'dziko muno ali awiri kapena atatu okha, chipata chikatsekedwa mtengo umakwera mawa lake. Kafukufuku woyendetsedwa bwino amapatsa mpata oimira ogula, monga bungwe la CAMA, kuti nawonso alankhule, amaika malire a msonkho, ndiponso amaika tsiku lothera. Chiletso sichifunsa munthu wa wokumani.

Tisaiwalenso kuti ifenso timapereka sabuside. Makuponi amene Bingu anayambitsa mu 2005, ndi pulogalamu ya AIP imene inalowa m'malo mwake mu 2020, ndi thandizo la boma kwa alimi. Zambia nayo ili ndi pulogalamu yake ya feteleza kuyambira mu 2002. Malamulo a WTO amalola maiko osauka kuthandiza alimi ang'onoang'ono ndi zipangizo, choncho palibe cholakwa pamenepa. Koma chimanga chimawoloka pa Mchinji kupita uku ndi uku malinga ndi chaka, ndipo mu 2007 Malawi anagulitsa chimanga chambiri ku Zimbabwe. Tsiku lina mnansi akhoza kutiloza chala kuti katundu wathu watchipa chifukwa cha dzanja la boma. Tsiku limenelo tidzafuna kuti atisonyeze umboni asanatitsekere chipata, ndipo tidzafuna anthu athu odziwa kuwerenga umboniwo ndi kuutsutsa.

COMESA yalephera pa zina. Mgwirizano wa msonkho umodzi wa katundu wochokera kunja kwa chigawo, umene unakhazikitsidwa ku Victoria Falls mu 2009, sunayambe kugwira ntchito. Malonda a pakati pa mamembala akadali kagawo kochepa poyerekeza ndi amene timachita ndi maiko akutali. Koma pa zina yafika pansi. Kuyambira mu 2010 amalonda ang'onoang'ono odutsa pa Mchinji ndi Mwami ali ndi njira yachidule yolembetsera katundu wawo, ndipo mu Disembala 2022 chipatacho chinasanduka cha malo amodzi, moti munthu saimanso kawiri. Nthambi ya bungweli yoona za mpikisano pa malonda inayamba ntchito mu Januwale 2013, ndipo likulu lake lili ku Lilongwe konkuno, ku Kang'ombe House ku City Centre, ulendo waufupi kuchokera ku Mtsiliza. Nthambiyi siiona za msonkho wa sabuside, imaunika makampani akuluakulu ofuna kuphatikizana ndi ogwirizana mitengo mseri. Koma ntchito yake ndi ya mtundu womwewo: kuitanitsa mabuku, kuyeza msika, kumva mbali zonse, n'kugamula. Amalawi ophunzira zachuma ndi zamalamulo otha ntchito yotereyi alipo, ena ali ku bungwe lathu loona za mpikisano la CFTC, ena ku MRA kumene kuli kale manambala a katundu yense wolowa pa zipata.

Chofunika ndi ofesi yoima payokha, yokhala ndi lamulo lake, ndalama zake, ndi akatswiri ochepa okhazikika, imene wopanga sopo, mafuta ophikira, mkaka kapena mipando angapiteko ndi dandaulo n'kulandira yankho lolembedwa m'chaka chimodzi. Eni mafakitale a ku Kanengo ndi Makata, kudzera ku bungwe lawo la MCCCI, avomere kutsegula mabuku awo, chifukwa wofuna chitetezo cha boma sangabise phindu lake. Akalipentala, matelala ndi owotcherera zitsulo a m'matauni, amene payekhapayekha sangafike pa gawo la 25 pa 100 lija, alowe m'magulu ndi kuyamba kulemba zimene apanga ndi kugulitsa mwezi uliwonse. Ndipo inu aphungu a mumzinda wa Lilongwe, nduna ya zamalonda ikadzabweranso ku Nyumba ya Malamulo ndi mndandanda wa katundu woletsedwa, muifunse kuti kafukufuku wake ali kuti, ndi kuti ofesi yofufuza umboni umene ndime 53 ikufuna yapatsidwa ndalama zingati m'bajeti ya chaka chino.